Njoka Yapita Kale, Nanga Ukunjenjemeranji?

Funso lili pamwambali si langa ayi. Anandifunsa ndi agogo anga aakazi m'mawa wina pa tchuthi, tikupita kudimba, ine ndili mnyamata wa zaka 13. Ndinali patsogolo, khasu lili paphewa, ndipo kanjira kanali kowirira ndi udzu wa mame. Mwadzidzidzi chinjoka chakuda chinatulukira kumanja, n'kudutsa pafupi penipeni ndi zala za kumapazi kwanga, n'kukalowa m'tchire la kumanzere. Sindikumbuka kuti ndinadumpha bwanji. Ndinangozindikira ndili kumbuyo kwa agogo, khasu lili uko. Koma zodabwitsa zinabwera pambuyo pake. Mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, m'kamwa munauma gwa, m'manja munali thukuta lokhalokha, ndipo miyendo inkangonjenjemera moti ndinalephera kutola khasu lija. Agogo anandiyang'ana, naseka, nati, "Iwe mwana, njoka yapita kale, nanga ukunjenjemeranji?" Ine ndinangoti, "Kaya, agogo." Ndinachita manyazi poganiza kuti ndine wamantha kuposa anyamata onse a m'mudzi.

Yankho ndinadzalipeza patapita zaka, m'phunziro la biology, ndipo lili pa tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono timene ambirife sitidziwa n'komwe kuti tili nato. Dzina lake ndi adrenal. Tiziwalo timeneti timathira m'magazi timadzi tamphamvu totchedwa mahomoni, ndipo m'nkhani ino ndikufuna tione m'mene mahomoniwo amagwirira ntchito ndi minyewa ya m'thupi. Inu makolo musatope ndi maina achilendo. Ndayesetsa kuwachepetsa, koma ena alibe anzake m'Chichewa.

Minyewa imene sitiilamula

Poyamba timvane mawu. Ndikati minyewa ndikunena timaulusi toyera timene timanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Ndikati mitsempha ndikunena njira za magazi. Ndikati minofu ndikunena nyama imene imakokeka ndi kumasuka. Pocheza timasakaniza mawu atatuwa popanda vuto, koma pano tikawasakaniza tisochera.

Minyewa ina timailamula: ndikafuna kukweza mkono ndimakweza. Koma palibe amene analamulapo mtima wake kuti ugunde, kapena chifu chake kuti chigaye nsima. Ntchito zotere zimayendetsedwa ndi gulu lina la minyewa limene John Langley wa ku Cambridge analitcha autonomic mu 1898, kutanthauza kuti lodzilamulira lokha. Gululi lili ndi nthambi ziwiri zazikulu. Ya parasympathetic ndi ya nthawi ya mtendere: imachepetsa liwiro la mtima, imabweretsa malovu, imayendetsa matumbo. Ya sympathetic, imene tikukambirana pano, ndi ya nthawi ya ntchito ndi ya zoopsa.

Minyewa ya sympathetic imatulukira m'fupa la msana, kuyambira m'munsi mwa khosi mpaka cha m'chiuno. Uthenga wake umayenda monga m'mpikisano uja wopatsirana kamtengo. Ulusi woyamba umachoka mumsana n'kukathera pa timfundo timene tandandalika mbali zonse ziwiri za msana ngati mikanda, kapena pa timfundo tina ta m'mimba. Pamenepo umathira mankhwala otchedwa acetylcholine, amene amadzutsa ulusi wachiwiri. Wachiwiriwo ndiwo umakafika ku mtima, ku mitsempha, ku maso ndi ku matumbo, ndipo kunsonga kwake umadontheza mankhwala ena otchedwa noradrenaline. Zikatero mtima umagunda msanga ndi mwamphamvu, mitsempha ya pakhungu ndi ya m'mimba imafinyika, mwanadiso amakula, matumbo amaima, ndipo ubweya wa pamkono umadzuka, zija timati thupi lachita tsemwe.

Tisaganize kuti minyewa imeneyi imangokhala kudikira njoka. Nthawi iliyonse mukadzuka pamphasa n'kuimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amatsikira kumiyendo ndi m'mimba. Ikanapanda kufinya mitsempha nthawi yomweyo, bwenzi tikugwa ndi chizungulire m'mawa uliwonse.

Chipewa cha impso

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kachikasu kamene kakhala ngati chipewa. Kamodzi kamalemera magalamu 4 kapena 5 okha, ngati shuga wa m'kasupuni kamodzi ka tiyi. Kamabisala m'mafuta, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akale anakhala zaka mazanamazana osakalabadira, mpaka pamene Bartolomeo Eustachi wa ku Italy analemba za iko m'zaka za m'ma 1560. Anzanga amene mumathandiza kusenda mbuzi pa chikondwerero, mudzafufuze m'mafuta a pafupi ndi impso. Mudzapezamo tinthu tiwiri tonga nyemba, ndipo amenewo ndiwo ma adrenal a mbuzi.

Mukadula kachiwaloka pakati mudzaona mbali ziwiri. Kunja kuli khungwa lochindikala lotchedwa cortex, limene limatenga magawo 8 kapena 9 mwa magawo 10. M'kati muli kambali kakang'ono kofiirira kotchedwa medulla. Ngakhale zikukhala nyumba imodzi, ziwirizi si pachibale. Cortex imapanga mahomoni ake kuchokera ku mafuta a cholesterol, ndipo odziwika kwambiri ndi cortisol ndi aldosterone. Medulla imapanga adrenaline ndi noradrenaline kuchokera ku tyrosine, kachidutswa ka mapuloteni amene timadya mu nyemba, nsomba ndi mazira.

Tsono apa pali chinthu chimene chinandisangalatsa koposa nditachimva koyamba. Medulla ndi mbali ya minyewa ya sympathetic imene inasintha ntchito. Mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi ake, m'masabata oyambirira, maselo ena amachoka m'mphepete mwa kamzere kamene kadzakhale ubongo ndi msana, n'kumwazikana. Ambiri amakakhala timfundo ta mikanda tija n'kumera ulusi wautali. Koma ena amakalowa m'kati mwa cortex, ndipo amenewa samera ulusi ayi. Ulusi woyamba wochokera mumsana umawapezabe komweko, n'kuwathira acetylcholine monga umachitira ndi abale awo. Popeza iwo alibe ulusi wopititsira uthenga ku chiwalo chimodzi, amangokhuthulira mankhwala awo m'magazi. Mwa mankhwala amenewa, pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi adrenaline, otsalawo ndi noradrenaline.

Anazitulukira bwanji?

Mu 1894 dokotala wina wa ku Harrogate dzina lake George Oliver, pamodzi ndi Edward Schäfer wa ku University College London, anabaya galu madzi ofinyidwa ku ma adrenal. Kuthamanga kwa magazi a galuyo kunakwera modabwitsa, ndipo iwo anaonetsa kuti mphamvuyo ikuchokera ku medulla. Pofika 1901 Jokichi Takamine wa ku Japan, amene ankagwira ntchito ku New York mothandizidwa ndi Keizo Uenaka, anali atapatula mankhwalawo paokha n'kuwatcha adrenalin. Ku America amawatcha epinephrine, dzina limene linachokera kwa John Abel. Nthawi imeneyo ngakhale liwu loti homoni kunalibe. Linadzabwera mu 1905 ndi Ernest Starling.

Mu 1904 wophunzira wina wa ku Cambridge, Thomas Elliott, anaona kuti chilichonse chimene minyewa ya sympathetic imachita, adrenaline amachitanso. Iye anati mwina minyewayo imagwira ntchito potulutsa adrenaline kunsonga kwake. Anaphonya pang'ono chabe. Mu 1946 Ulf von Euler wa ku Stockholm anatsimikiza kuti chimene minyewa imatulutsa ndi noradrenaline, amene amasiyana ndi adrenaline pa kachidutswa kamodzi kokha kotchedwa methyl. Kachidutswa kameneka mukasunge m'mutu, tikumana nakonso.

Amene analumikiza zonsezi ndi mantha anali Walter Cannon wa ku Harvard. Iye ankaunika mimba za amphaka ndi X-ray pofuna kuona m'mene chakudya chimayendera, ndipo anadabwa kuti mphaka akangokwiya kapena kuopsedwa, chifu chake chimaima zii. Atafufuza chifukwa chake anafika pa ma adrenal, ndipo mu 1915 anafotokoza kuti thupi likaona zoopsa limadzikonzera zinthu ziwiri, kumenya kapena kuthawa. Inu amene chakudya chimakukanikani m'mawa wa tsiku la mayeso, mwaona kuti simusiyana ndi amphaka a Cannon.

Yankho la agogo

Tibwerere pa kanjira ka kudimba kaja. Kudumpha kwanga sikunali kwa adrenaline ayi, chifukwa nthawi inali isanakwane yoti iye afike kulikonse. Maso anaona, ubongo unatuma miyendo kudzera m'minyewa, ndipo sekondi isanathe ndinali nditachokapo. Nthawi yomweyo minyewa ya sympathetic inakankha mtima ndi kufinya mitsempha, n'kutumizanso uthenga ku medulla. Medulla inakhuthula adrenaline m'magazi. Koma magazi a munthu amatenga pafupifupi mphindi yathunthu kuti azungulire thupi lonse. Choncho pamene adrenaline ankafika m'miyendo mwanga, njoka inali ili kutali.

Ndiponso adrenaline sachoka msanga. Noradrenaline amene wadontha pansonga ya ulusi, wambiri amayamwidwanso ndi ulusi womwewo m'kanthawi kochepa, monga momwe Julius Axelrod anaonetsera cha m'ma 1960. Koma adrenaline amene ali m'magazi amadikira kuti chiwindi ndi ziwalo zina zimuphwanye, ndipo pamapita mphindi 2 kapena 3 kuti theka lake lithe. Zili ngati ng'ombe zikawoloka mtsinje kumtunda. Ng'ombe zapita kale, koma amayi otunga madzi kumunsi akudikirabe kuti matope adikhe.

Nanga kunjenjemerako? Pakhungu la selo lililonse pali timalo tolandirira mauthenga. Asayansi amati ma receptor, koma ine ndiziti maloko, popeza homoni imalowamo ngati kiyi. Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku Georgia, ku America, anapeza kuti maloko a adrenaline ndi noradrenaline ali a mitundu iwiri, alpha ndi beta, ndipo pambuyo pake ena anapeza kuti mtundu uliwonse uli ndi timagulu take. Maloko a alpha-1 amafinya mitsempha. A beta-1 amathamangitsa mtima. A beta-2 amatsegula njira za mpweya m'mapapo, amafutukula mitsempha ya m'minofu, ndiponso amathandiza chiwindi kutulutsa shuga. Noradrenaline ndi kiyi wabwino pa alpha ndi pa beta-1, koma pa beta-2 ndi wofooka. Adrenaline amatsegula onse. Minofu ya miyendo ndi manja ili ndi maloko ambiri a beta-2, ndipo akatseguka minofuyo imakhala tcheru kwambiri, yokonzeka kuthamanga. Ngati munthu sakuthamanga, monga ine ndinangoima kumbuyo kwa agogo, kukonzekako kumaoneka ngati kunjenjemera. Odwala mphumu akudziwa zimenezi: mankhwala opopera a salbutamol amatsegula maloko omwewa, ndipo nthawi zina manja amanjenjemera chifuwa chikamamasuka.

Apa tikuona phindu lokhala ndi njira ziwiri. Njira za mpweya m'mapapo a munthu zilibe minyewa yambiri ya sympathetic yozitsegula, motero zimadalira adrenaline wa m'magazi. N'chifukwa chake munthu amene thupi lake ladana ndi ululu wa njuchi kapena mankhwala ena, mpaka kutupa kukhosi ndi kubanika, jakisoni woyamba amene amamubaya pantchafu ndi wa adrenaline.

Adrenaline amabwereranso kwa minyewa imene inamuitana. Kunsonga kwa ulusi wa sympathetic kulinso maloko. Akatsegula a beta-2 a pamenepo, ulusiwo umadontheza noradrenaline wochuluka pa uthenga uliwonse, ndiye kuti moto wakolezedwa. Koma pomwepo palinso maloko a alpha-2 amene ntchito yake ndi kuuza ulusi kuti basi, wakwana. Chokolezera ndi chozimitsira zili pa nsonga imodzimodzi.

Mnzake wosatchuka

Anthu ambiri akamva za adrenal amangoganiza za adrenaline. Ochita masewero amamutchula, a nyuzipepala amamutchula. Koma ine ndikuona kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa cortisol wa ku cortex, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Cortisol salamulidwa ndi minyewa mwachindunji. Kambali ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni ya CRH. Imeneyi imadzutsa kachiwalo ka pituitary, kamene kamatumiza homoni ya ACTH m'magazi, ndipo ACTH ndiyo imauza cortex kuti ipange cortisol. Ulendo wotere ndi wautali. Munthu akadzidzimuka, cortisol amafika pachimake patapita mphindi 20 kapena 30. Pa nkhani ya njoka yanga, iye anafika ine nditayamba kale kulima. Nanga wochedwa chotere athandiza chiyani?

Choyamba, popanda iye adrenaline sangapangidwe wokwanira. Mukumbukira kachidutswa ka methyl kaja? Kuti noradrenaline asanduke adrenaline pamafunika enzyme yotchedwa PNMT yolumikiza kachidutswako. Mu 1965 Richard Wurtman ndi Julius Axelrod, ku America, anachotsa pituitary m'makoswe. Popanda ACTH, cortex ya makoswewo inafota, ndipo PNMT ya mu medulla inachepa kwambiri. Atawapatsa ACTH kapena mankhwala amphamvu ofanana ndi cortisol, PNMT inabwerera. Apa m'pamene panamveka chifukwa chake ziwalo ziwiri zosakhala pachibale zinamangirana nyumba imodzi. Magazi a mu adrenal amayenda kuchokera kunja kulowa m'kati, motero maselo a medulla amasamba mu cortisol wochuluka kuposa amene chiwalo china chilichonse chimalandira. Umboni wina ndi wakuti maselo a mtundu womwewu amapezekanso m'malo ena a m'mimba, kutali ndi cortex, ndipo chotupa chikamera pa maselo akutaliwo, kawirikawiri chimatulutsa noradrenaline yekha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, cortisol ndiye amachititsa kuti mitsempha imvere minyewa. Amasamala kuti maloko a alpha-1 akhale ochuluka ndi ogwira bwino, ndipo amachepetsa mankhwala ena a m'thupi amene amafutukula mitsempha. Cortisol akasowa, minyewa ya sympathetic ikhoza kudontheza noradrenaline wambirimbiri, koma zimakhala ngati kugogoda pakhomo pamene eni ake achokapo. Mitsempha imangoti lobodo, kuthamanga kwa magazi n'kutsika. Madokotala amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Wodwala amene tizilombo talowa m'magazi mwake, BP yake n'kukana kukwera ngakhale akumuthira noradrenaline pa diripi, nthawi zambiri amamuonjezera hydrocortisone, amene ndi cortisol yemweyo wopangidwa ku fakitale. Pa mphumu napo, mankhwala a mtundu wa cortisol, kuwonjezera pa kuchepetsa kutupa, amathandiza kuti maloko a beta-2 asachepe.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi tibwerere ku 1855. Chaka chimenecho Thomas Addison wa pa chipatala cha Guy's ku London anafotokoza za odwala 11 amene anali ofooka kwambiri, osanza, a mtima wogunda mofooka ndi khungu lakuda modabwitsa. Atamwalira, anapeza kuti ma adrenal awo anali owonongeka. Chaka chotsatira Charles Brown-Séquard ku Paris anachotsa ma adrenal m'nyama zosiyanasiyana, ndipo zinafa posakhalitsa. Adrenaline atapezeka, ambiri anaganiza kuti mankhwala a matenda a Addison apezeka. Anawabaya odwala, koma sanachire. Chowapulumutsa chinadzachokera ku khungwa: cha m'ma 1930 madzi ofinyidwa ku cortex anasunga moyo amphaka ochotsedwa ma adrenal, ndipo mu 1950 Edward Kendall, Tadeus Reichstein ndi Philip Hench analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa mahomoni a cortex. John F. Kennedy, amene anadzakhala mtsogoleri wa America, anamupeza ndi matenda a Addison mu 1947, ndipo anakhala moyo chifukwa cha mankhwala amenewa. Mpaka lero, munthu amene amuchotsa ma adrenal onse awiri amamwa mapiritsi olowa m'malo mwa cortisol ndi aldosterone tsiku lililonse. Adrenaline samupatsa n'komwe, pakuti minyewa ya sympathetic imakwanitsa ntchito yambiri ndi noradrenaline wake, malinga cortisol alipo.

Chachitatu, cortisol ndi buleki. Iye amalowa mu ubongo mosavuta, ndipo akachuluka amauza hypothalamus ndi pituitary kuti zichepetse CRH ndi ACTH. Popeza CRH imakolezanso minyewa ya sympathetic, ikachepa thupi limayamba kuzizira. Yemweyo amene ananola mpeni ndi amene amaubwezera m'chimake.

Za aldosterone ndingonena mwachidule. Minyewa ya sympathetic ikagunda impso, impso imatulutsa renin, ndipo mapeto ake cortex imatulutsa aldosterone, amene amauza impso kuti isunge mchere ndi madzi. Kwa munthu amene wataya magazi kapena watsegula m'mimba, zimenezi ndi chipulumutso. Kwa munthu wodwala mtima kapena BP, zikapitirira zimawonjezera katundu.

Chifukwa chake sindiiwala njoka ija

Sindikumbuka chimene tinadyera nsima tsiku limenelo, koma mawanga a dzuwa pamsana pa njoka ija ndimawaonabe. Ubongo uli ndi mpanda wosefa zochokera m'magazi, ndipo adrenaline sadutsapo kwenikweni. Komabe amagunda mnyewa waukulu wotchedwa vagus, umene umapereka uthenga ku ubongo kuti zimene zikuchitikazi n'zofunika kusunga. Mu 1994 Larry Cahill ndi James McGaugh a ku California anafotokozera anthu nkhani yomvetsa chisoni ya zithunzi, ena atawamwetsa propranolol, mankhwala otseka maloko a beta amene James Black anapanga m'zaka za m'ma 1960. Patapita sabata, amene sanamwe mankhwalawo ankakumbukira bwino mbali yomvetsa chisoniyo kuposa amene anamwa.

Koma anzanga ophunzira chenjerani apa. Mahomoni amenewa amathandiza kusunga chinthu chatsopano, koma cortisol akachuluka amasokoneza kukumbukira zimene munasunga kale. Ndi zija munthu wawerenga usiku wonse, kulowa m'chipinda cha mayeso mutu n'kungoti mbee, potuluka mayankho onse n'kubwera. Kupuma mozama, makamaka kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kumapatsa mpata nthambi ya parasympathetic kuti ibweze mtima pansi. Si matsenga, ndipo sikulowa m'malo mwa kuwerenga.

Zikasokonekera

Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, mu medulla mumamera chotupa chotchedwa phaeochromocytoma. Chotupachi chimakhuthula adrenaline ndi noradrenaline popanda woitana. Munthu ali khale, mwadzidzidzi mutu kuwawa, thukuta kamukamu, mtima kugunda, BP kukwera, mantha kumugwira ngati waona njoka pamene palibe kanthu, kenaka zonse n'kutha zokha. Kumudzi munthu wotere sachedwa kunenedwa kuti walodzedwa. Chonsecho chotupacho chimachotsedwa pa opareshoni, ndipo madokotala anayamba kuchita zimenezi bwinobwino mu 1926, César Roux ku Lausanne ndi Charles Mayo ku America.

Matenda a Addison nawo si a azungu okha. Odwala angapo a Addison mwini wake anawonongedwa ma adrenal ndi chifuwa chachikulu, ndipo m'maiko amene TB ikadali yofala, monga kwathu kuno, imeneyi ikadali imodzi mwa njira zazikulu zimene matendawa amabwerera. Kwa ife a khungu lakuda, kuda kuja kumaonekera bwino m'nkhama, m'mizere ya m'manja ndi pa zipsera. Munthu amene akuonda, kufooka, kuchita chizungulire akaimirira ndi kulakalaka mchere, makamaka ngati anadwalapo TB, ndi bwino akaonane ndi dokotala.

Koma chimene ndikufuna makolo amvetsetse ndi ichi, chifukwa chimachitika m'nyumba zambiri. Mapiritsi a prednisolone ndi dexamethasone ndi abale a cortisol. Amathandiza pa mphumu, pa nyamakazi ndi pa matenda ena, ndipo popeza amachotsa ululu ndi kubweretsa chilakolako cha chakudya, ena amangowagula okha, ena mpaka kuwamwa pofuna kunenepa. Mafuta ena oyeretsa khungu alinso ndi mankhwala a mtundu womwewu, monga clobetasol ndi betamethasone, amene amalowerera m'magazi munthu akamadzola thupi lonse kwa miyezi. Tsono kumbukirani buleki ija. Ubongo ukaona kuti cortisol wachuluka m'magazi, sufunsa kuti wachokera kuti. Umangoleka kutumiza ACTH, ndipo cortex imagona n'kufota, ngati ya makoswe a Wurtman. Zimenezi zikhoza kuyamba munthu akamwa mapiritsiwa kupitirira masabata 3 kapena 4.

Vuto limadza tsiku limene mapiritsi atha, kapena munthu wangoganiza zosiya. Cortex yogona siidzuka tsiku limodzi, imatha kutenga miyezi. Ngati pa nthawi imeneyo munthu agwidwa ndi malungo, achita ngozi kapena alowa ku opareshoni, minyewa ya sympathetic imagogoda ndi mphamvu zake zonse, koma mitsempha siyankha. Amasanza, amafooka, BP imagwa, ndipo akachedwa kumubaya hydrocortisone akhoza kumwalira. Choncho amene wamwa mapiritsi amenewa nthawi yaitali asawasiye lero ndi lero. Dokotala ndiye amachepetsa mlingo pang'onopang'ono kuti cortex ipeze nthawi yodzuka. Ndipo mukapita ndi wodwala kuchipatala, botolo la mapiritsi kapena la mafuta odzola aja mulitenge, mukawaonetse adokotala ngakhale asanafunse.